Nambala ya pabokosi siyendetsa makina

Pali anyamata amene abuka masiku ano pa WhatsApp ndi pa Facebook, ogulitsa makompyuta amene iwo amawatcha zilombo. Amaitanitsa ma Xeon akale kuchokera ku China, mapurosesa amene anatha kale ntchito yawo m'ma server a makampani akunja, n'kuwakhazika pa motherboard yotchipa yolembedwa X99, n'kumangirira mafani owala mitundumitundu. Akatero amalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ma core 14, cache 35MB, i9 ichepa kaba. Zimandiwawa, chifukwa amene amakodwa ndi mnyamata amene wadzimana chaka chathunthu kuti apeze makina ojambulira mapulani a nyumba kapena osewerera magemu. Manambalawo si abodza ayi. Xeon E5-2680 v4 ya 2016 ilidi ndi ma core 14 ndiponso cache ya 35MB. Bodza lili pa zimene akufuna kuti munthu aganize akawaona manambalawo.

Ine ndimamanga makompyuta akuluakulu kuno ku Blantyre, a anthu okonza mavidiyo a maukwati, a ojambula mapulani, ndi a achinyamata amene amakhala pa gemu mpaka tambala woyamba. Za kukhazika purosesa mu soketi, kupaka paste ndi kulumikiza mawaya sinditayapo nthawi, mwana wa Fomu 2 akhoza kuziphunzira masana amodzi. Chimene anthu amandilipirira ndi kusankha. Ndipo pa kusankhako, chinthu chimene chimasiyanitsa wodziwa ndi wongomanga ndi cache.

Amene anandiphunzitsa anali madala ena a ku Limbe, amene anayamba ndi mawailesi, kenako ma TV, makompyuta n'kuwapeza tsitsi litayamba kale kuyera. Shopu yawo inali kuseri kwa mdadada wa masitolo, kachipinda konunkha mtovu wowotcherera ndi fumbi lopsa. Miyezi yoyamba sanandilole kugwira board ngakhale imodzi. Ntchito yanga inali kusesa, kupemerera fumbi m'mafani ndi kuwiritsa tiyi. Atandilola, lamulo linali loti ndiyambe ndagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi achoke, ndipo ndikaiwala ankangondiyang'ana osanena kanthu mpaka ndikumbukire ndekha. Anali ndi kope la sukulu limene ankalembamo nthawi. Makina alionse amene adutsa m'manja mwawo ankawapatsa ntchito imodzimodzi, kupanikiza chikwatu chomwechomwecho cha mafayilo, iwo maso ali pa wotchi ya pamkono, n'kulemba masekondi. Zolembedwa pa bokosi sankaziwerengera. Ankati wolemba pa bokosi ndi wogulitsa, wotchi ilibe chimene ikugulitsa.

Tsiku lina anatenga zida zanga zonse n'kuziika m'kabati ya pakhomo, kwinaku akundipatsa board yoti ndichotse ma capacitor otupa. Ndikafuna pulayala, ndinyamuke. Ndikafuna mtovu, ndinyamuke. Ntchito ya theka la ola inanditengera mmawa wonse, thukuta lili kamukamu. Nditamaliza anandikhazika pansi.

"Iwe mnyamata, manja ako anachedwa lero?"

"Ayi madala, manja anali bwinobwino. Zida ndi zimene zinali kutali."

"Basi wadziwa purosesa. Chimene chili m'dzanja lako ndi L1. Chimene chili patebulo pako ndi L2. Kabati ija timatengamo tonse, ndiyo L3. Ukasowa chinthu monsemo ndiye kuti ukwere minibasi ukagule m'tauni, imeneyo ndi RAM."

Kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa zinthu ziwiri zimene ankazisunga m'nsalu: Pentium II ndi Celeron 300A, zonse za m'ma 1998, za mtundu uja wolowetsa choimirira ngati khadi. Pentium II inali ndi L2 ya 512KB, koma inali pa tizidutswa tapadera pambali pa purosesa yeniyeniyo ndipo inkayenda theka la liwiro lake. Celeron inali ndi 128KB yokha, koma ili mkati mwenimweni, ikuyenda liwiro lonse. Pa ntchito zambiri, zikakhala pa liwiro lofanana, kanthu kotchipako kankapondana ndi mkulu wakeyo. Anandiuza kuti ndizigwire m'manja zonse ziwiri, ndione ndi maso anga mtunda wa pakati pa purosesa ndi tizidutswa tija, mtunda wosakwana chala chimodzi, ndipo anati mtunda umenewo ndi umene ndizidzauyang'ana moyo wanga wonse. Madalawo anatisiya Ryzen isanabwere. Ndimalakalaka akanaona kumene nkhani yawo inakafika.

Mwa manambala zili chonchi. Purosesa ya 4GHz imagunda maulendo 4 biliyoni pa sekondi. Kutenga chinthu mu L1 kumadya kugunda 4 kapena 5. Mu L2 ndi kugunda khumi ndi kangapo. Mu L3 ndi makumi anayi kapena kuposerapo, kutengera kamangidwe. Ku RAM ndi mazana. Nthawi yonseyo core ikhoza kungokhala ikudikira, ngakhale pa bokosi atalembapo 5GHz. Wina afunsa kuti bwanji osangopanga cache yaikulu kwambiri nkhani ithe. Cache imadya malo, pa bit iliyonse pamafunika ma transistor 6 pamene RAM imafuna imodzi ndi ka capacitor. Komanso ikamakula imatalikira, ikatalikira imachedwa. Mibadwo yonse ya mapurosesa ndi mkangano umodzi womwewu, wa kukula ndi kuyandikira, ndiponso wa funso loti ndani akugawana ndi ndani.

Nditayamba kumanga ndekha, mfumu inali Core 2 Quad Q6600 ya 2007. Pa bokosi pankalembedwa 8MB, koma pansi pa chivundikiro panali zidutswa ziwiri, chilichonse ndi ma core awiri ndi 4MB yakeyake. Core ya mbali ino ikafuna chinthu cha mbali inayo, uthenga unkayenera kutuluka kunja, kudzera pa front side bus. Mu November 2008 Intel inatulutsa Core i7-920. L2 inachepetsedwa kwambiri mpaka 256KB pa core iliyonse, koma kunabwera L3 ya 8MB yogawana ma core onse anayi, ndipo chowongolera RAM chinasamukira mkati mwa purosesa. Munthu wongowerenga manambala akanati L2 yabwerera m'mbuyo. Wotchi inanena zina, ndipo makina a i7-920 pa board ya X58 amene ndinamanga nthawi imeneyo ena akugwirabe ntchito m'maofesi.

Zaka zotsatira zinali zongowonjezera pa maziko omwewo: i7-980X ya 2010 ndi ma core 6 ndi 12MB, i7-5960X ya 2014 ndi ma core 8 ndi 20MB, mpaka i7-6950X ya 2016 ndi ma core 10 ndi 25MB, pa mtengo woposa madola 1,700. Kuyambira Sandy Bridge ya 2011, L3 inadulidwa m'magawo, core iliyonse ndi gawo lake pambali, zonse zolumikizidwa pa msewu wozungulira umene amautcha ring. Ma Xeon a anyamata aja ndi a banja lomweli. 35MB imene amaikuwa ija ndi magawo 14 a 2.5MB, omwazikana pa msewu wautali, pa purosesa imene liwiro lake lokhazikika ndi 2.4GHz ndipo ikathamangitsitsa imathera pa 3.3GHz. Mu server, pamene anthu mazana akupempha tinthu ting'onoting'ono nthawi imodzi, ndi chida chabwino zedi. Koma pulogalamu ngati AutoCAD imatsamira kwambiri core imodzi, ndipo gemu imafuna yankho msangamsanga. Pamenepo Ryzen 5 ya ma core 6 ya zaka zaposachedwa imaisiya kutali, ikudya magetsi ochepa, chinthu chimene munthu wodalira inveta ndi batire sangachinyoze.

Pali purosesa ina ya 2015 imene anthu ambiri anaidutsa, i7-5775C. Inali ndi L3 ya 6MB yokha ndi liwiro losapitirira 3.7GHz, koma pambali pake anaikapo 128MB ya eDRAM ngati cache yachinayi. Pa magemu inkapikisana ndi zinzake zothamanga kuiposa. Chinali chizindikiro cha zimene zikubwera.

Chaka cha 2017 chinasokoneza zonse. Intel, pa Skylake-X, inatembenuza kamangidwe: L2 inakwera kuchoka pa 256KB kufika pa 1MB pa core, L3 n'kutsika kufika pa 1.375MB pa core, ndipo inasiya kusunga kope la zonse zimene zili mu L2. Ring inachotsedwa, m'malo mwake munabwera ukonde wa mizere yopingasa ndi yoimirira wotchedwa mesh. Motero i9-7900X ya ma core 10 inali ndi L3 ya 13.75MB pamene mkulu wake 6950X inali ndi 25MB. Pa ntchito zolemera za mavidiyo ndi zithunzi za 3D yatsopanoyo inkapambana. Pa magemu ena inkatsalira, ndipo i7-8700K ya ma core 6, imene inatsala pa ring, inkaiposa. Chaka chomwecho AMD inabwera ndi Ryzen 7 1800X. L3 yake 16MB, koma mkati magulu awiri a ma core anayi, lililonse ndi 8MB, olankhulana kudzera pa Infinity Fabric imene liwiro lake linamangiriridwa ku liwiro la RAM.

Apa ndi pamene ndimaonera womanga weniweni. Pa Ryzen, RAM yochedwa imachedwetsanso msewu wa mkati mwa purosesa. RAM ya DDR4 ukangoilowetsa imayamba pa 2133 kapena 2400, ngakhale pa paketi palembedwe 3200. Uyenera kulowa mu BIOS, kuyatsa XMP, kenako kuyesa usiku wonse kuti uone ngati sikulakwitsa. Pa Ryzen 3000 ndi 5000 pamene pamakoma ndi DDR4-3600, Infinity Fabric ili pa 1800MHz, ziwirizi zikuyenda phazi limodzi. Ukakankha RAM kupyola pamene Fabric ingathe, ziwirizo zimasiyana mayendedwe ndipo nambala yaikuluyo imakupatsa makina ochedwa. Ndimalandira makina ambiri omangidwa kwina ali ndi RAM imodzi yokha ya 16GB m'malo mwa ziwiri za 8GB, njira imodzi yatsekeka, XMP yosayatsa. Mwini wake analipira purosesa yonse koma akugwiritsa ntchito gawo chabe. Ndikakonza zimenezi n'kutchula mtengo, wina amati, "Koma bwana, simunasinthe chilichonsetu, mwangodina mabatani." Kudziwa batani loti udine ndiye ntchitoyo, achimwene.

Threadripper inakulitsa nkhani yomweyi. 1950X ya 2017 inali ndi ma core 16. Pa 2990WX ya 2018, ya ma core 32, zidutswa ziwiri mwa zinayi zinalibe njira yawoyawo yopita ku RAM, zinkadzera mwa zinzawo, ndipo mapulogalamu ena ankavutika nazo. 3990X ya 2020 ili ndi ma core 64 ndi L3 ya 256MB, nambala yoopsa, koma ndi magawo 16 a 16MB, ndipo core iliyonse imaona pafupi gawo lake lokha. Kwa munthu wa Blender ndi makina osasimbika. Kwa wosewera gemu ndi ndalama zotayika.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuonetsa makasitomala ndi Ryzen 7 3800X ya 2019 ndi 5800X ya November 2020. Zonse ma core 8, zonse L3 ya 32MB, zonse soketi ya AM4. Pa pepala ndi mapasa. Koma mu 3800X muli magulu awiri a ma core anayi, lililonse ndi 16MB, pamene mu 5800X ma core onse 8 ali gulu limodzi ndipo iliyonse imafika pa 32MB yonse popanda kutuluka. Zilipo zinanso zimene anakonza mkati mwa core, koma kugumula khoma limeneli kunathandiza kwambiri kuti AMD ifike pamwamba pa magemu. Nambala ya cache ya pabokosi sinasinthe ngakhale pang'ono.

Tsono ndifike pa chokondedwa changa, Ryzen 7 5800X3D ya April 2022. Anatenga 5800X yomweyo n'kusanjika chidutswa cha cache cha 64MB pamwamba penipeni pa L3 yake, kukwanitsa 96MB. Nzeru yake ndi ija ya madala anga. Akanaifutukula cham'mbali, cache ikanatalikira. Poisanjika pamwamba, mtunda unangowonjezeka pang'ono, kugunda kochepa chabe, kukula n'kuwirikiza katatu. Liwiro linatsika, 4.5GHz m'malo mwa 4.7GHz, ndipo anaitseka kuti munthu asaikankhe kupyola apo, pakuti chosanjikidwacho sichipirira magetsi ambiri komanso chimatchinga kutentha. Komabe pa magemu inkapondana ndi i9-12900K, imene inkafuna board yatsopano. Chifukwa chake n'chosavuta: gemu imabwerera ku zinthu zomwezomwezo kambirimbiri pa sekondi, malo a adani, mawerengero a kugundana kwa zinthu, ndipo zikakwana mu cache ulendo wa ku RAM umachepa. Chimene wosewera amamva si kuchuluka kwa mafulemu kokha, koma kutha kwa kudodoma kuja kumene kumachitika pakati pa nkhondo.

Kwa ife kuno phindu lake linali lina. Kwacha inagwa mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kusintha board, RAM ndi purosesa nthawi imodzi kunasanduka maloto kwa ambiri. Koma munthu amene ndinamumangira pa board ya AM4 ya B450 mu 2018 kapena 2019 ankangobweretsa bokosi lake, ine n'kukweza BIOS, kuchotsa Ryzen 2600 yake, kukhazika 5800X3D, RAM yake ya DDR4 yomweyo. Ndiponso cache yaikulu imabisa kuchedwa kwa RAM, motero ngakhale ya 3000 kapena 3200 imakwanira. Kukweza BIOS sindichita popanda UPS, ngakhale kasitomala achite changu chotani, chifukwa magetsi akazima pakati pa ntchitoyo board ikhoza kufa. Ndipo sindilola kuti purosesa imeneyi ichoke m'shopu ili ndi kafani kakang'ono. Mwezi wa October kuno, m'chipinda cha malata, fumbi litadzaza m'zipsepse, imafika msanga pa malire a kutentha n'kuyamba kudzichepetsera liwiro yokha. Pamafunika choziziritsira chachikulu cha mapaipi a kopa, ndi kupemerera fumbi nyengo ya chilimwe isanafike. Apa ndi pamene timakanganirana ndi achinyamata, chifukwa ndalama ya choziziritsira amafuna igule mafani owala.

Koma sindiigulitsa kwa aliyense. Mayi wina wokonza mavidiyo a maukwati anabwera atamva kwa mwana wake kuti X3D ndiye mapeto a zonse. Ndinawauza kuti, "Mayi, ntchito yanu si imeneyo." Vidiyo ikamaphikidwa, zithunzi zimadutsa mu purosesa kamodzi n'kupita, sizibwereranso, choncho cache yaikulu ilibe choti isunge. Pa ntchito yotere 5800X3D imatsalira pang'ono kumbuyo kwa 5800X wamba chifukwa cha liwiro lotsika lija. Iwo ndinawamangira 5900X ya ma core 12, RAM yokwanira ndi SSD yabwino. Chimodzimodzinso mnyamata amene ali ndi graphics card yofooka: ngakhale umupatse 96MB, chimene chikumuchedwetsa chili kwina, ndipo ndalamayo iyenera kupita ku khadiyo.

Mibadwo yatsopano ikupitiriza mkangano womwewu. Ryzen 7000 ya 2022 inakweza L2 kufika pa 1MB. 7950X3D ya 2023 ili ndi zidutswa ziwiri za ma core 8, chimodzi chokha ndicho chili ndi cache yosanjika, ndipo Windows imadalira ma driver a chipset ndi Xbox Game Bar kuti idziwe kuti iyi ndi gemu, ipite mbali ya cache. Womanga akalumpha zimenezi, gemu imakhoza kukathera mbali inayo. N'chifukwa chake wosewera ndimamulozera ku 7800X3D, ya chidutswa chimodzi, yopanda zosankhasankha. Pa 9800X3D ya November 2024 anatembenuza, cache inapita pansi, ma core pamwamba moyandikana ndi choziziritsira, liwiro n'kukwera mpaka 5.2GHz. Intel yatsata njira yokulitsa L2 ya ma core ake akuluakulu: 1.25MB pa 12900K ya 2021, 2MB pa 13900K ya 2022, 3MB pa Core Ultra 9 285K ya 2024, L3 ili pa 30MB kenako 36MB. Pa mavidiyo ndi ntchito zofuna ma core ambiri ndi makina amphamvu ndithu, ndipo ndimawamanga mosanyinyirika. Pa magemu, pakadali pano, X3D ili patsogolo.

Chondilemetsa ndi mitengo. Katundu amachokera ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku China, ndipo mtengo umene ndatchula Lolemba umakhala utasintha pofika Lachisanu chifukwa cha dola. Kasitomala amafika ndi chithunzi cha mtengo wa ku America chimene wachiona pa YouTube, osawerengera ndege, msonkho ndi kusowa kwa ndalama zakunja, n'kumandiona ngati wakuba. Akachotsa pa katundu n'kulephera, amatembenukira pa ntchito ya manja anga: "Tichotsereniko bwana, n'zongomangatu izi." Usiku umene makina ake akhala akuyesedwa pa magetsi anga sauwerengera.

Kope lija la masekondi ndinalitengera, kungoti langa lili pa kompyuta. Choncho mukamabwera kudzamangitsa makina, musabwere ndi nambala ya purosesa imene mwaimva kwa mnzanu. Bwerani ndi fulashi muli ntchito yanu yeniyeni, vidiyo ya ukwati imene imakuchedwetsani, pulani ya nyumba imene imadodoma mukamaitembenuza, kapena dzina la gemu imene mumasewera. Tidzaiyendetsa pa makina awiri muli pomwepo, wotchi ili patebulo, ndipo mudzasankha nokha mutaona masekondi.